Kompyuta Yokwana M'dzanja

Ambiri a ife tikamva mau akuti kompyuta timaganiza za chibokosi cha ku banki kapena cha mu ofesi ya kwa DC, chimene munthu wamba sachikhudza. Koma ilipo kompyuta ina yaing'ono kwambiri, yokwana m'dzanja. Kukula kwake n'chimodzimodzi ndi chitupa cha unzika chimene mumayenda nacho m'thumba: masentimita 8 ndi theka m'litali, 5 ndi theka m'lifupi. Ilibe chikuto. Ilibe galasi loonerapo ngakhale mabatani olembera. Ndi kathabwa kobiriŵira basi, kokhala ndi tizitsulo pamwamba pake. Amene munaonapo m'kati mwa wailesi mmisiri ataitsekula, maonekedwe ake mukuwadziŵa kale.

Kathabwa kameneka dzina lake ndi Raspberry Pi. Tilipo tina tofanana nako, monga Arduino ndi micro:bit, koma kodziŵika kwambiri n'kameneka. Tiyeni tione kumene kanachokera, zimene kamafuna kuti kagwire ntchito pamudzi wopanda magetsi, ndi chimene gulu la sukulu ya kwacha kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi lingapange nako.

Kanachokera kuti?

Ku England kuli sukulu yaukachenjede yotchedwa Cambridge. Cha m'ma 2006, mphunzitsi wina kumeneko, Eben Upton, pamodzi ndi anzake anaona chinthu chowadetsa nkhaŵa. Achinyamata ofuna kuphunzira za makompyuta anali kucheperachepera, ndipo amene anali kubwerawo sanali kudziŵa zambiri monga anzao akale. Kodi chinalakwika n'chiyani? Kale ana a kumeneko anali ndi makompyuta osavuta, amene mwana anali kuwalamula yekha polemba malangizo ake. Pambuyo pake makompyuta anasanduka zinthu zamtengo wapatali zotsekedwa bwinobwino, zimene kholo silingalole mwana kuseŵera nazo. Ana anadziŵa kudina mabatani, koma za m'kati sanazidziŵe.

Tsono anthu ameneŵa anati: tipange kompyuta yotsika mtengo, yoti mwana akaiononga pasakhale maliro. Yoyamba inatuluka mu February chaka cha 2012 ndipo inagulitsidwa madola 35 a ku America. Mu 2015 anatulutsa ina yocheperapo, Pi Zero, pa madola 5. Mu 2021 kunabwera Pico, ya madola 4, imene tiinenanso kutsogoloku. Eni ake poyamba anali kuyembekeza kugulitsa zikwi zoŵerengeka chabe, koma pofika 2024 anali atagulitsa zoposa 60 miliyoni.

Musaone ngati kusavala kwa kathabwaka ndi umphawi. Anakasiya dala kamaliseche kuti munthu aone pamene magetsi aloŵera ndi pamene atulukira. M'mbali mwake muli timisomali 40 toima m'mizere iŵiri. Pa timisomali timeneti ndi pamene mumalumikizapo zinthu zanuzanu: babu, belu, kachipangizo koyeza kutentha. Foni yanu ya m'manja ndi kompyutanso, ndipo mwina ndi yamphamvu kuposa kathabwaka, koma ilibe khomo lotere. Foni imachita zimene anaiuza eni ake. Kathabwaka kamachita zimene mwakauza inu.

Mnyamata wobadwira ku Dowa

Wina anena kuti izi n'za azungu ndi ana a m'tauni. Ayi ndithu. Kuphunzira popanga chinthu ndi manja si kwachilendo kwathu kuno, ndipo chitsanzo chake chimene dziko lonse likuchidziŵa n'cha mwana wa kuno komwe.

William Kamkwamba anabadwira ku Dowa m'chaka cha 1987, nakulira m'mudzi wa Masitala ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002, imene akuluakulu tonse tikuikumbuka, inatha chuma cha makolo ake, ndipo iye anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosoŵa fizi. M'malo mokhala pansi, anayamba kupita ku kanyumba koŵerengeramo mabuku pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe. Kumeneko anapeza buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina oyenda ndi mphepo pachikuto. Chizungu sanali kuchidziŵa bwino. Anali kuyang'ana chithunzi, n'kuona chilembo kapena nambala imene yalembedwa pambali pa chithunzicho, n'kukaifunafuna m'kati mwa nkhani, mpaka atamva chimene chikunenedwa.

Zipangizo anatola kudzala: chopemerera mphepo cha thirakitala, njinga yakufa, mapaipi a pulasitiki amene anawaotcha n'kuwaphwatalitsa, ndi dainamo ya njinga. Nsanja anamanga ndi mitengo ya bulugama. Anthu anali kuti wapenga. Koma makina aja anazungulira, babu linayaka, ndipo pambuyo pake anayatsa mababu anai ndi mawailesi aŵiri panyumba pao. Switchi anapanga ndi mphira wa patapata. Nyuzipepala ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, ndipo mu 2007 anakalankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania. Kumeneko n'kumene anaona intaneti koyamba. Buku la moyo wake linatuluka mu 2009, iye natsiriza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America mu 2014.

Taonani bwino apa. William analibe kompyuta, analibe ndalama, analibe mphunzitsi wa zamagetsi. Chimene anali nacho ndi kuŵerenga, ngakhale kunali kwapang'onopang'ono, ndi mtima woyesa. Inu amene mwatsiriza buku loyamba la sukulu ya kwacha, mumatha kuŵerenga nambala, kutsata chithunzi ndi kuchita samu zoonkhetsa ndi zochulukitsa. Zoyambira ntchito ya kathabwaka ndi zomwezo.

Mtengo wake weniweni

Pano ndinene mosabisa. Madola 35 aja ndi mtengo wa kathabwa kokha, ndiponso ndi mtengo wa kunja, wa chaka chimene kanatuluka. Kuti kafike kuno pamakhala ndalama za mayendedwe ndi msonkho. Kwacha yathu inatsitsidwa mphamvu mu May 2022 ndiponso mu November 2023, motero chilichonse chogulidwa ndi dola chinakwera. N'chifukwa chake sindilemba mtengo wa makwacha m'kabuku kano, popeza ungasinthe inu musanatsirize kuŵerenga.

Ndiponso kathabwa pakokha sikachita kanthu. Kamafuna memori khadi, yonga ya m'foni ija, m'mene mumakhala nzeru zake zonse. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa kathabwaka, Raspberry Pi OS, ndi yaulere, koma pafunika munthu wokhala ndi intaneti kuti aiike m'khadimo kamodzi kokha. Zimenezi zingachitike ku Mponela, pa boma pa Ntchisi kapena ku Lilongwe. Kamafunanso kiyibodi yolembera, mbeŵa yake yolozera, ndi TV yokhala ndi khomo lolembedwa HDMI kuti muziona zimene mukulemba. Mukaonkhetsa zonsezi mupeza kuti zotsatana nazo zaposa mtengo wa kathabwa.

Ine sindingauze banja limodzi kuti ligulitse mbuzi chifukwa cha chinthu chimenechi. Koma mutu umodzi susenza denga. Kalabu ya alimi, gulu la banki m'khonde kapena kalasi ya sukulu ya kwacha ingagule kamodzi, TV n'kubwereka kwa mmodzi wa gulu. Kogwiritsidwa kale ntchito, monga Pi 3 ya 2016, n'kokwanira pa zonse zimene zili m'kabuku kano. Musathamangire katsopano.

Samu ya magetsi

Midzi yathu yambiri mawaya a ESCOM sanafikeko, choncho tidalira dzuŵa. Apa m'pamene anthu ambiri amatayira ndalama chifukwa chosachita samu.

Chinthu chilichonse chamagetsi chili ndi kadyedwe kake, monga ng'ombe imamwa madzi ambiri kuposa mbuzi. Kadyedwe kameneka timakayeza ndi mawati. Kathabwa kathu kamadya mawati ngati 5. Mukakayatsa maola 4 patsiku, samu yake ndi 5 kuchulukitsa ndi 4, yankho 20. Nambala imeneyi ndiyo phoso lake la tsiku limodzi.

Tsopano onani batire. Pa kabatire kakang'ono ka sola pamalembedwa 12V 7Ah. Chulukitsani 12 ndi 7, mupeza 84. Imeneyo ndiyo nkhokwe yanu. Koma batire yamtundu umenewu sifuna kuthera phe. Mukamaikokolola tsiku ndi tsiku imafa msanga. Tapani theka lokha, ndiye kuti 42. Choncho batireyo ingadyetse kathabwa masiku aŵiri dzuŵa lisanaŵale. Nanga sola? Ya mawati 20, itaombedwa ndi dzuŵa lamphamvu maola 5, papepala ipereka 100, koma zenizeni yembekezani 60 kapena 70. M'miyezi ya June ndi July, pamene mapiri a Ntchisi ndi Kongwe amafunda chifunga mpaka dzuŵa litakwera, mupeza zocheperapo.

Wosusuka weniweni ndi TV. Ngakhale yaing'ono imadya mawati 20 kapena kuposa, ndiye kuti kanai kuposa kathabwa. Iyatseni polemba malangizo pokha. Mukatsiriza, kathabwa kamapitiriza ntchito yake popanda TV.

Chenjezo lalikulu ndi ili: batire imatulutsa mavolti 12, pamene kathabwa kamafuna 5 okha. Mukalumikiza mwachindunji kapsa nthaŵi yomweyo, ndipo palibe mmisiri angakadzutse. Pakati pake ikanipo tchaja ya foni ya m'galimoto, imene imatsitsa 12 kufika pa 5. Ŵerengani zolembedwa pa tchajayo. Pi 3 imafuna 5V 2.5A, Pi 4 imafuna 5V 3A. Tchaja yofooka imachititsa kathabwa kuzimazima. Pakati pa sola ndi batire pakhalenso kabokosi kolamulira, kamene ogulitsa sola amati kontirola, kuti batire isadzaze mopitirira.

Phunziro loyamba: kuyatsa kababu

Aliyense amayambira pano, ngakhale akatswiri. Mufunika kababu kakang'ono ka LED, konga kofiira kaja kamayaka pa wailesi, ndi rezisita ya 330, kachitsulo konga njere ya mpunga kokhala ndi mizere yamitundu. Ntchito ya rezisita ndi kuchepetsa magetsi kuti kababu kasapse, monga mlimi amatchinga ngalande ndi mwala kuti madzi asakokolole mbeu m'dimba. Zonse ziŵiri amisiri okonza mawailesi pa msika amakhala nazo, ndipo zimapezekanso m'wailesi yakufa.

Kababu kali ndi miyendo iŵiri, wautali ndi waufupi. Mwendo wautali ulumikizeni ku rezisita, rezisitayo ku msomali wa nambala 11. Waufupi upite ku msomali wa nambala 6. Ŵerengani misomaliyo pa chithunzi chake, kaŵiri kapena katatu, ndipo lumikizani kathabwa kali kozima. Mukatembenuza miyendo kababu sikayaka, koma sikaonongeka. Ingotembenuzaninso.

Kenaka mulemba malangizo. Pulogalamu si chinthu chamatsenga. Ndi mndandanda wa zochita, monga m'mene mumatumira mwana: pita kwa azakhali, ukatenge sefa, ubwerere pompano. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana amaganiza yekha mukaiŵala mau ena, koma kompyuta siganiza. Imachita zokhazo zimene mwalemba, m'ndondomeko imene mwalembera. Malangizo a kababu m'Chicheŵa ndi aŵa: yatsa, dikira sekondi imodzi, zimitsa, dikira sekondi imodzi, bwereza. Pali njira ziŵiri zouzira kathabwa zimenezi. Ina ndi Scratch, m'mene mumasanja timabokosi tamitundu monga njerwa. Ina ndi Python, m'mene mumalemba mau ochepa a Chizungu: on ndiye yatsa, off ndiye zimitsa, sleep ndiye dikira, if ndiye ngati. Mau ofunika poyamba sakwana 20. Alembeni pabolodi ndi matanthauzo ake, gulu lonse liwaloŵeze.

Mukalakwitsa chilembo chimodzi, kompyuta ikana. Musakwiye nayo. Ŵerengani mzere ndi mzere ndi chala, monga tinkachitira m'buku loyamba. Kababu kakayamba kuphethira, sinthani 1 akhale 5, muone chimene chichitike. Wina anganene kuti akuluakulu akutaya nthaŵi ndi zidole. Msiyeni. Kababu komweko tikagwiritsa ntchito tsopano pa chinthu chokhudza ndalama ndi moyo.

Botolo loyeza mtedza

Dowa ndi Ntchisi ndi maboma a mtedza. Chaka ndi chaka tikakumba, funso limakhala lomwelo: kodi wauma? Timaugwedeza kuti timve kulira kwake, timauluma ndi mano. Njira zimenezi n'zabwino, koma zimanyenga, makamaka kuno kumapiri kumene nthaŵi yoyanika imakumana ndi chisanu ndi mame. Mtedza woikidwa m'thumba usanaume umagwidwa ndi chuku. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso ndipo satha ngakhale mukazinge kapena kuphika. Munthu akamadya pang'onopang'ono kwa zaka, chiŵindi chimaonongeka, ndipo ena amadwala khansa ya chiŵindi. Madokotala amatinso amapinimbiritsa ana. Ogula akuluakulu, makamaka otumiza kunja, amaukana mtedza wotere. Chimanga nachonso chimagwidwa ndi chuku chomwechi.

Tsono mvetsani nzeru yake. Mukatsekera mbeu m'botolo, mpweya wa m'botolomo umatengera mbeuzo. Zikakhala zonyoŵa, mpweya umadzala chinyontho. Zikakhala zouma, mpweya umauma. Chinyontho cha mpweya chimayezedwa ndi nambala zoyambira pa 0 mpaka 100. Akatswiri a kasungidwe ka mbeu anapeza kuti nambalayo ikakhala pansi pa 65, chuku sichimera. Choncho sitifunika makina odula oyezera njere. Tingoyeza mpweya.

Musasokoneze nambala imeneyi ndi ija amanena alangizi, yakuti chimanga chiume kufika pa 13 ndipo mtedza woswa ufike pa 7 kapena 8. Zimenezo ndi nambala za madzi a m'kati mwa njere, ndipo mbeu iliyonse ili ndi yake. Ya mpweya wa m'botolo ndi imodzi, 65, kaya mwaikamo mtedza, chimanga, soya kapena nyemba. Ubwino wake ndi umenewo.

Choyezera chake ndi kachipangizo koyera kotchedwa DHT22, kakang'ono ngati chala chachikulu, kokhala ndi timabowo kutsogolo. Kamayeza kutentha ndi chinyontho. Mawaya ake ogwira ntchito ndi atatu: wina wolandira magetsi a mavolti 3.3, wina wobweza magetsi, wachitatu wotumiza nambala ku kathabwa. Pezani botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu lokhala ndi chivindikiro cholimba. Boolani kabowo pa chivindikiro, loŵetsani mawaya, mate mpata wotsala ndi phula la kandulo kuti mpweya wakunja usaloŵe. Choyezera chilendeŵere pansi pa chivindikiro, chisakhudze mbeu.

Malangizo ake ndi aafupi. Ŵerenga nambala. Ngati ili pansi pa 65, yatsa kababu kobiriŵira. Ngati yafika 65 kapena kuposa, yatsa kofiira. Dikira pang'ono, bwereza. Mwaona? Ndi phunziro loyamba lija, taonjezapo mau amodzi okha akuti ngati. Ndipo agogo amene sanafike ku sukulu ya kwacha angathenso kuŵerenga yankho lake.

Pa ntchito imeneyi Pico ya madola 4 ija n'njokwanira. Pico si kompyuta yathunthu. Silumikizidwa ku TV ndipo imasunga pulogalamu imodzi yokha, koma imadya magetsi ochepa kwambiri, moti mabatire atatu a tochi amaiyendetsa. Malangizo mumalembera pa kathabwa kakakulu kaja, n'kuwatumiza ku Pico kudzera pa waya. Kenaka Pico ndi botolo lake zingayende khomo ndi khomo m'dengu, kathabwa kakakulu katatsala kunyumba. Dziŵani chabe kuti manambala a misomali ya Pico ndi osiyana ndi a kathabwa kakakulu, ndiye onani chithunzi chake.

Koma musanakhulupirire choyezera chanu, chiyeseni kaye. Sikelo ya vendala timaikayikira, nanga yathuyi tiisiyirenji? Tengani mchere wa m'nyumba wodzaza kachivindikiro ka botolo la zakumwa. Donthezanimo madzi pang'ono kuti ukhale ngati mchenga wonyoŵa, osati kusungunuka. Ikani m'botolo lopanda kanthu, tsekani, musiye usiku wonse. Mchere wonyoŵa umasunga mpweya pa 75, kaya ku Malomo kaya ku London. M'maŵa onani nambala pa TV. Ikanena 75, choyezera chili bwino. Ikanena 72, ndiye kuti chimachepetsa ndi 3, ndipo muuze pulogalamu kuti iziphatikiza 3 nthaŵi zonse. Chitani zimenezi chaka chilichonse musanayambe kukolola.

Poyeza, tapani mtedza pamwamba, pakati ndi pansi pa mulu, muuswe pomwepo, mudzaze botolo kupitirira theka. Usakhale wotentha ndi dzuŵa. Uzizire kaye pamthunzi. Tsekani, dikirani ola lathunthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mukatsekula msanga mwayeza mpweya wa pabwalo, osati wa mtedza. Kukayaka kofiira, bwezerani mtedza padzuŵa masiku aŵiri kapena atatu, muyesenso.

Pali chimene botololi silingachite, ndipo ndikufuna muchimve bwino. Silinena ngati mtedza uli ndi poizoni. Limangonena ngati wauma. Mtedza umene unagwidwa kale ndi chuku kumunda ungaume gwa, kababu kobiriŵira n'kuyaka, poizoni ali momwemo. Choncho kusankha sikutha. Njere zofota, zoboola, zakuda ndi zosweka zichotseni, ndipo musazisandutse nsinjiro kapena chiponde cha ana monga ambiri timachitira poumira kutaya. Chizoloŵezi chowaza madzi pa mtedza kuti usweke msanga, kapena kuti ulemere pa sikelo, chimabweza chinyontho chonse chimene munachotsa. Amene sakhulupirira, ayese yekha: mtedza wowazidwa m'botolo, adikire ola, aone mtundu wa kababu.

Nyumba ya mabuku m'khadi imodzi

Ntchito ina ya kathabwa kakakulu ndi kusunga mabuku. Kuyambira pa Pi 3, kathabwaka kamatha kuulutsa Wi-Fi yakeyake. Mafoni amene ali pafupi, m'kalasi kapena pansi pa mtengo, amalumikizako n'kuŵerenga zimene zili m'khadi, popanda kugula bandulo, ngakhale m'zigwa m'mene netiweki sifika. Pali mapulogalamu aulere opangidwira zimenezi. Kiwix imasunga Wikipedia, nkhokwe yaikulu ya nkhani zamitundumitundu. RACHEL, ya bungwe la World Possible, imasonkhanitsa mabuku ndi makanema a sukulu, a zaumoyo ndi a zaulimi.

Ana a sekondale zimenezi ziwathandiza kwambiri. Kwa ife a sukulu ya kwacha pali vuto: pafupifupi zonse zili m'Chizungu. Wikipedia ya Chicheŵa ilipo koma ndi yaing'ono. Maganizo anga ndi akuti tisadikire wina kudzatidzazira. Vuto lathu lakale m'sukulu za kwacha mukulidziŵa: munthu amaphunzira kuŵerenga, n'kusoŵa choŵerenga, pakatha zaka ziŵiri waiŵala. Timapepala ta alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo tingajambulidwe ndi foni n'kuikidwa m'khadi. Ophunzira angalembe okha mbiri ya mudzi wao, malamulo a kalabu, mitengo ya mbeu mwezi ndi mwezi. Kapepala kamodzi kamene kanali kutha ndi chiswe kwa mlembi kangaŵerengedwe ndi mudzi wonse.

Zoyenera kuzengereza

Pafupifupi gulu lililonse likamva za kathabwaka limafunsa za makina oswera mazira. N'zotheka ndithu. Mazira a nkhuku amafuna kutentha kwa madigiri 37 ndi theka kwa masiku 21, ndipo kathabwa kangayatse ndi kuzimitsa chotenthetsera. Koma chitani samu ija. Babu lotenthetsa la mawati 25, usana ndi usiku, ndi 25 kuchulukitsa ndi 24, yankho 600 patsiku. Kabatire kathu kanali ndi 42. Batire ikatha usiku umodzi wa July, mazira onse apita. Thadzi limachita ntchito yomweyo ndi madeya. Yambani ndi zinthu zoyeza, zimene zimadya pang'ono. Zotenthetsa ndi zopopa madzi zidikire mpaka gulu litakhala ndi sola yaikulu ndi munthu wozidziŵa. Ndipo magetsi a mavolti 230 a m'mawaya a m'nyumba musawayandikize ku kathabwa ngakhale pang'ono. Amenewo amapha.

Wofunsa ali pafupi

Safunsa anadya phula. Woyamba kumfunsa ndi mmisiri wa mafoni ndi mawailesi wa pa msika wanu, kaya ku Madisi, ku Mvera kapena ku Malomo. Mwina Raspberry Pi sanaionepo, koma kuotcherera waya, kuyeza mavolti ndi kuzindikira rezisita ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi a sayansi a ku sekondale angathandize pa mau a Chizungu. Ku Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, kumene kwakhala anthu othaŵa kwao kuyambira 1994, Remy Gakwaya wochokera ku Burundi anayambitsa sukulu yotchedwa TakenoLAB yophunzitsa achinyamata kulemba mapulogalamu. Ku Lilongwe kuli mHub, imene anayambitsa mayi Rachel Sibande. Odziŵa Python sali kutsidya kwa nyanja kokha. Ena timakwera nawo minibasi imodzi.

Kasamalidwe

Adani a kathabwa ndi madzi, fumbi, mphemvu ndi zitsulo. Kakagona pa lata kapena kukhudzana ndi ndalama yachitsulo kali koyaka, kapsa. Kasungeni m'kontena ya pulasitiki yoboola timabowo m'mbali kuti kazipuma. Pokagwira, gwirani m'mphepete. Pozimitsa musangosolola waya, chifukwa khadi imaonongeka ikadulidwa magetsi ili pakati pa kulemba. Kauzeni kaye pa TV kuti kazime, dikirani kababu kake kobiriŵira kaleke kuphethira, ndiye solani. Ndi bwino kukhala ndi khadi yachiŵiri yokopera zonse, yosungidwa nyumba ina.

Gulu lisankhe wosunga, ndipo pakhale kope lolembamo amene watenga botolo, tsiku, mbeu imene wayeza ndi mtundu wa kababu kamene kanayaka. Pa kalasi pasakhale munthu mmodzi wogwira kiyibodi ena n'kumangoonerera. M'makalasi athu ambiri amayi ndiwo ochuluka, ndipo ndiwo amayanika, kuswa ndi kusankha mtedza, koma chikabwera chinthu chamawaya abambo ndi anyamata amathamangira kutsogolo. Mphunzitsi alembe maina pabolodi, aliyense alumikize kababu ndi manja ake, alembe mzere wake, ndipo wotsatira asakhale pampando woyambayo kababu kake kasanayake.